Matumbo kunja, mkodzo wotsekeka mkati: mavuto awiri amene mwana amabadwa nawo

Munthu aliyense matumbo ake anakhalapo kunja kwa mimba yake kwa masabata angapo. Si matenda ayi, ndi mmene thupi limaumbikira. Cha m'sabata ya 6 mayi ataima, matumbo a mwana amakula mofulumira kuposa kamimba kake, pamene chiwindi chatenga kale malo ambiri. Posowa kokhala, matumbowo amatulukira m'tsinde la chingwe cha mchombo. Kumeneko amatalika, amapotoloka, ndipo pofika sabata ya 10 mpaka 12 amabwerera mkati. Minofu yochokera kumanja ndi kumanzere imakumana pakati, n'kusiya kabowo kongokwana chingwe cha mchombo basi. N'chifukwa chake wojambula sikani wodziwa ntchito yake sathamangira kuopseza mayi akaona kotupa pamchombo wa mwana masabata 12 asanakwane.

Zikapanda kuyenda chonchi, mwana amabadwa ziwalo zina zili panja, ndipo aliyense m'chipinda choberekera amaona nthawi yomweyo. Ambiri amatayiratu mtima pomwepo. Palinso vuto lina la m'dera lomwelo la thupi, loyambanso m'miyezi yoyambirira yomweyi, koma ilo silioneka ndi maso: kutsekeka kwa njira ya mkodzo. Makolo amanjenjemera ndi loyambalo, lachiwirili n'kulidutsa osadziwa. Komatu m'chipatala chokhala ndi zonse zofunika, mwana wobadwa matumbo ali panja nthawi zambiri amachira n'kukula ngati anzake, pomwe mnyamata wobadwa wosalala pamimba koma mkodzo ukukanika kutuluka akhoza kudzafuna impso ya munthu wina asanafike zaka 20.

Mabowo awiri osafanana

Mabowo a pamimba alipo a mitundu iwiri ikuluikulu, ndipo kuwasiyanitsa sikulira makina. Mtundu woyamba madokotala amautcha gastroschisis. Chingwe cha mchombo chimakhala pamalo pake bwinobwino, koma pambali pake, kawirikawiri chakumanja kwa mwana, pamakhala kabowo ka masentimita 2 mpaka 4. Matumbo amatulukira pamenepo osakutidwa ndi kanthu. Kwa miyezi amakhala akuyandama m'madzi a m'chiberekero, omwe muli mkodzo ndi zina zotuluka m'thupi la mwanayo, ndiye pobadwa amakhala otupa, okhuthala, omatirirana, nthawi zina okutidwa ndi kachikhungu kokhakhala. Mtundu wachiwiri ndi omphalocele, ena amati exomphalos. Apa bowo lili pamchombo penipeni, ndipo zotulukazo zili m'thumba la nembanemba yoonekera mkati, chingwe cha mchombo chikuchokera pathumbapo. Thumbalo lingakhale laling'ono, muli kachigawo ka matumbo kokha, kapena lalikulu kuposa masentimita 5, chiwindi chili momwemo.

Wa gastroschisis ndiye amaoneka woopsa, koma mtima wake, ubongo wake ndi makromozomu ake (timizere ta m'maselo tonyamula malangizo a kaumbidwe ka thupi) nthawi zambiri zimakhala bwino. Nkhani yake yonse yagona pa matumbo. Mwana mmodzi kapena kuposerapo pang'ono mwa 10 aliwonse, matumbo amakhala oduka kapena otsekeka penapake, ndipo ameneyo ndiye amakhalitsa m'chipatala. Wa omphalocele amaoneka wosungika bwino m'thumba lake, chonsecho oposa theka la ana otere amakhala ndi vuto linanso. Lofala kwambiri ndi la mtima. Ena amakhala ndi kromozomu yowonjezera, makamaka ya nambala 18 kapena 13. Enanso amakhala ndi vuto lotchedwa Beckwith-Wiedemann: mwana wamkulu thupi, lilime lalikulu, shuga wotsika m'magazi m'masiku oyamba. Shuga wotsikayo akhoza kuwononga ubongo anthu onse maso ali pathumba. Ana amenewa amafunikanso kujambulidwa impso miyezi itatu iliyonse mpaka atafika zaka 7 kapena 8, chifukwa savuta kuchita chotupa cha impso chotchedwa Wilms. Ndiye dokotala akamayamba ndi kuyeza shuga ndi kuunika mtima, thumba alisiya kaye, si kuti akuzengereza.

Nanga chimayambitsa n'chiyani? Omphalocele imachokera pa kuumbika kwenikweni kwa thupi: mbali za mimba sizinakumane bwino, kapena matumbo sanabwerere onse, ndipo majini, omwe ndi malangizo a m'maselo a kaumbidwe ka thupi, amatengapo mbali yaikulu. Za gastroschisis akatswiri sanagwirizanebe chimodzi. Ena amati kumanja kwa mchombo kumakhala kofooka chifukwa kumeneko kuli mtsempha umene umafota mwana ali wamng'ono kwambiri, ena amati magazi amadukiza kufika pamalopo, enanso amati nembanemba ya m'tsinde la chingwe ndiyo imang'ambika. Chimene onse amavomereza n'chakuti vutoli limakonda amayi achichepere, makamaka osafika zaka 20, ndipo kusuta fodya, mowa ndi mankhwala ozunguza bongo kumayambiriro kwa mimba kumawonjezera chiopsezo. Lakhalanso likuchuluka m'maiko ambiri kwa zaka makumi angapo. Ku United States limapezeka mwa mwana pafupifupi mmodzi pa 2,000 aliwonse, pomwe omphalocele ndi mmodzi pa 4,000 kapena kuposerapo.

Apa ndipatuke pang'ono, poti amayi ambiri amadzigwetsera mlandu. Kugwa, kunyamula katundu wolemera, kagonedwe, kupsa mtima, zonsezi sizibowola mimba ya mwana. Amayi ochuluka amene amabereka ana otere sanasutepo, sanamwepo, ndipo bowolo limakhala litachitika kale ena asanadziwe n'komwe kuti ndi oyembekezera.

Gastroschisis payokha si chifukwa chochitira opaleshoni pobereka. Mwana akhoza kubadwira njira ya masiku onse. Omphalocele yaikulu, ya chiwindi panja, ndiyo imene madokotala ambiri amasankhira opaleshoni kuopa kung'amba thumba kapena kuvulaza chiwindi. Chofunika kwambiri n'chakuti vutolo lioneke pa sikani mimba isanakule, kuti mayi akaberekere kumene kuli madokotala a opaleshoni ya ana.

Ola loyamba mwana akabadwa limalemera kuposa opaleshoni imene. Matumbo a panja amataya kutentha ndi madzi mofulumira zedi, ndipo khanda likazizira zonse zimasokonekera. Azamba amalowetsa mwana m'thumba la pulasitiki loyera kuyambira kumapazi mpaka m'khwapa, kapena amakulunga matumbowo ndi pulasitiki yopyapyala yoonekera mkati. Thonje kapena nsalu yonyowa, ngakhale imaoneka ngati chisamaliro, imaziziritsa mwana ndipo imamatirira kumatumbo. Kapaipi kamalowa m'mphuno mpaka m'mimba kuti katulutse mpweya ndi ndulu yobiriwira, dripi imaikidwa ndipo madzi ake amakhala ochulukirapo kuposa a khanda wamba, maantibayotiki amayamba. Mwana amamugoneka chammbali, kudzanja lamanja, matumbo atachirikizidwa kuti asalendewere. Akalendewera, mitsempha yake imapindika pakamwa pa bowo, ndipo mtundu umasintha namwino akuona: kuchoka pa kufiira kowala, kuyamba kudera, kenako kuda bii. Bowo likakhala lothina moti likufinya matumbo, dokotala amalikulitsa pomwepo, osadikira kuti chipinda cha opaleshoni chikonzedwe.

Kubwezera zonse mkati tsiku lomwelo kumatheka mwa ana ena. Vuto n'lakuti mimba imene sinasungepo matumbo imakhala yaing'ono. Mukakakamiza, mapapo amapanikizika kuchokera pansi, mtsempha waukulu wobwezera magazi kumtima umafinyika, impso zimasiya kutulutsa mkodzo, miyendo imasintha mtundu. Mu 1948 Robert Gross wa ku Boston anayamba kuphimba omphalocele yaikulu ndi khungu lokha, minofu n'kudzaisoka mtsogolo. Mu 1967 Samuel Schuster anabwera ndi nzeru yosokera nsalu ya pulasitiki m'mbali mwa bowo kuti ziwalo zizibwerera pang'onopang'ono, ndipo m'menemo ndi mmene munachokera thumba limene likugwiritsidwa ntchito lero, lotchedwa silo. Ndi thumba lofewa loonekera mkati, lokhala ndi mkombero wa sipuling'i kukamwa kwake. Mkomberowo amaupinda n'kuulowetsa m'bowo, umatambasuka mkati n'kugwira wokha, osafuna ulusi, nthawi zambiri osafunanso mankhwala ogonetsa. Thumba amalipachika chilili pamwamba pa mwana. Tsiku ndi tsiku dokotala amafinya pang'ono kuchokera pamwamba n'kumanga kachingwe munsi mwa pamene anamanga dzulo, kwinaku akuyang'ana mtundu wa matumbo, kapumidwe ka mwana ndi mkodzo wake. Pakatha masiku osapitirira sabata imodzi, nthawi zambiri thumba limakhala lopanda kanthu. Bowo amalisoka, kapena amaliphimba ndi chotsalira cha chingwe cha mchombo n'kumata bandeji, lokha n'kutsekeka.

Makolo amapumira m'mwamba apa, koma ulendo ukadalipo. Matumbo amene anakhala miyezi m'madzi aja amachedwa kuyamba ntchito. Kwa masabata atatu, anayi, nthawi zina miyezi, m'kapaipi ka m'mphuno mumangotuluka zobiriwira, ndipo mwana sangayamwe n'kukhuta. Kale ana ambiri ankafa ndi njala panthawi imeneyi, opaleshoni itayenda bwinobwino. Zinasintha mu 1968 pamene Stanley Dudrick ndi Douglas Wilmore a ku Philadelphia anaonetsa kuti khanda likhoza kukula ndi chakudya chodzera mumtsempha chokha. Chakudya chimenechi chili ndi zovuta zake: kapaipi kake kamalowetsa tizilombo m'magazi pakalephereka ukhondo, ndipo chikapitirira nthawi yaitali chimavulaza chiwindi. Ndiye madokotala amayesetsa kuyamba mkaka wa m'mawere msanga, madontho owerengeka poyamba, n'kumawonjezera malinga ndi mmene matumbo akulandirira. Mayi ayenera kuyamba kufinya ndi kusunga mkaka kuyambira tsiku loyamba, chifukwa mkaka wake umateteza matumbo ofookawa ku matenda owoletsa matumbo kuposa mkaka wina uliwonse.

Kafukufuku wa Global PaedSurg, amene anachitika m'maiko 74 n'kusindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2021, anaonetsa kusiyana kumene sikufuna ndemanga zambiri. M'maiko olemera, ana a gastroschisis amene anamwalira sanafike 2 pa 100 aliwonse. M'maiko apakatikati anali pafupifupi 32 pa 100. M'maiko osauka, mwa ana 10 amene analembedwa, 9 anamwalira. Manja a dokotala wa opaleshoni sasiyana kwenikweni m'maiko onsewa. Chimasiyana ndi sikani ya mayi woyembekezera, mayendedwe a khanda popita kuchipatala chachikulu, kutentha, dripi, chakudya cha mumtsempha ndi anamwino okwanira usiku. Poona kwanga, dziko lofuna kupulumutsa ana amenewa liyambire pamenepo, lisanaganize zogula makina ena.

Omphalocele yaing'ono amaitseka kamodzi m'masiku oyamba. Yaikulu sifuna phuma, bola thumba lisang'ambike. Amalipaka mankhwala, kawirikawiri silver sulfadiazine, n'kulimanga bwino. Thumba limauma, limalimba, khungu limamera kuchokera m'mbali kwa miyezi ingapo, ndipo mwana amapita kunyumba ndi mimba yotukuka. Minofu amadzaisoka mwana atakula, chaka chitatha kapena kuposerapo. Mankhwala ofiira a mercurochrome amene ankapaka kale anasiyidwa chifukwa ankalowa m'thupi n'kuika poizoni wa mercury, ndipo ayodini akachuluka amafooketsa chithokomiro. Ana a omphalocele yaikulu ambiri amakhala ndi chifuwa chopapatiza ndi mapapo aang'ono, ndipo mapapowo ndi mtima ndiwo amalamula tsogolo lawo kuposa kukula kwa thumba.

Munsi mwa mchombo namonso mumalephera kutsekeka, ngakhale mwa apo ndi apo, mwana mmodzi pa 30,000 mpaka 50,000. Chikhodzodzo chimakhala chotseguka panja, chofiira, mkodzo ukudontha kuchokera m'timabowo tiwiri, mafupa a kutsogolo kwa chiuno atatalikirana. Dzina lake ndi bladder exstrophy. Impso zimakhala zabwino pobadwa. Ntchito ya maopaleshoni otsatizana ndi kutseka chikhodzodzo, kukonza maliseche, ndi kuthandiza mwana kudzatha kusunga mkodzo popanda kuwononga impsozo.

Chifukwa chake mkodzo wa mwana wosabadwa ndi nkhani yaikulu

Mwana ali m'mimba, magazi ake amasefedwa ndi nsengwa, osati impso zake. Komabe impsozo zimayamba kupanga mkodzo cha m'sabata ya 10 mpaka 12, ndipo mimba ikafika pakati, madzi ambiri ozungulira mwana amakhala mkodzo wake womwe. Amaumeza, amakodzanso, amatambasuka m'menemo, ndipo mapapo amafuna madzi ndi malo amenewo kuti akule. Mkati mwa impso iliyonse mukuumbika timasefa pafupifupi 1 miliyoni, ntchito imene imatha pofika sabata ya 36. Ikatha yatha, thupi silipanganso tina moyo wonse.

Ndiye mkodzo ukatsekeka msanga, mwana amavulala pawiri. Mkodzo wobwerera m'mbuyo umapanikiza impso imene ikuumbika kumene, timasefa n'kuchepa kapena kuumbika molakwika. Kunjaku madzi amaphwa, chiberekero chimafinya mwana, mapapo amakhala okwinimbira. Edith Potter wa ku Chicago anafotokoza mu 1946 maonekedwe a makanda obadwa opanda impso: nkhope yophwatalala, makutu otsika, miyendo yopindika. Ana otere chimawapha m'maola oyamba ndi kulephera kupuma, impso zisanafike n'komwe poonetsa kufooka kwake.

Pali vuto limodzi limene limalumikiza nkhani ziwirizi, lotchedwa prune belly syndrome, kapena Eagle-Barrett potengera madokotala amene analifotokoza mwatsatanetsatane mu 1950. Mwana amabadwa khungu la pamimba lili lamakwinya, lofewa, minofu pansi pake ili yochepa kapena kulibiretu, machende sanatsike, chikhodzodzo ndi timipaipi tochokera ku impso ndi zazikulu, zolobodoka. Ana 95 pa 100 aliwonse otere ndi anyamata, ndipo limapezeka mwa mmodzi pa 30,000 mpaka 40,000. Akatswiri ena amati njira ya mkodzo inatsekeka kwa kanthawi mimba ili yaing'ono, chikhodzodzo chinafufuma mpaka kuphwanya minofu ya pamimba ndi kutchinga njira ya machende. Ena amati minofu ya pamimba ndi ya njira za mkodzo imachokera ku gwero limodzi, ndipo gwerolo ndilo linalakwika. Mwana wopanda minofu ya pamimba satha kutsokomola mwamphamvu, ndiye chibayo chimamupeza kawirikawiri. Amadzimbidwa, amachedwa kukhala tsonga. Madokotala amapewa kulowetsa zipangizo m'njira ya mkodzo popanda chifukwa, poti tizilombo tikalowa m'mipaipi yolobodoka ngati imeneyi kutichotsa n'kovuta. Machende amawatsitsa ndi opaleshoni mwana akadali wakhanda, ndipo ambiri amawakonzanso pamimba.

Mawu amene amayi oyembekezera amamva kawirikawiri ndi akuti impso ya mwana yatupa ndi madzi, hydronephrosis. Zimaoneka pa mimba imodzi kapena kuposerapo mwa 100 zilizonse, ndipo zambiri zimatha zokha mwana asanabadwe kapena m'zaka ziwiri zoyamba. Mwana akabadwa amamujambulanso, koma pakadutsa maola 48, chifukwa khanda la tsiku limodzi limakodza pang'ono ndipo impso yotupa ingaoneke ngati yabwino. Kudikira kumeneku sikukhudza mnyamata amene impso zonse ziwiri zatupa ndipo chikhodzodzo n'chachikulu. Ameneyo amafuna kuonedwa tsiku lomwelo.

Mwa zotupa zimene sizitha zokha, chofala ndi kutsekeka pamene impso imalumikizana ndi kampaipi kake. Pamalopo pamakhala pothina kapena popanda minofu yokankha mkodzo, ndipo mwa ana okulirapo nthawi zina pamadutsa mtsempha wa magazi umene umapinda kampaipiko. Zimakonda anyamata ndi impso yakumanzere. Popeza impso inayo ili bwino, moyo sukhala pangozi. Madokotala amayeza ndi sikani ya MAG3 kuti aone gawo la ntchito imene impso iliyonse ikugwira, ndipo amachita opaleshoni ngati yodwalayo yatsika pansi pa 40 pa 100, kutupa kukukula, kapena mwana akumva ululu ndi kudwaladwala matenda a mkodzo. Opaleshoni yake, yodula pothinapo n'kulumikizanso, inafotokozedwa ndi Anderson ndi Hynes mu 1949, ndipo imayenda bwino mwa odwala oposa 90 pa 100. Kutsekeka kwa kumunsi, pamene kampaipi kamalowa m'chikhodzodzo, nakonso kambiri kamangofuna kuyang'aniridwa.

Kanembanemba kamene kamawononga impso ziwiri

Vuto lolemetsa kwambiri pa onsewa ndi posterior urethral valves, mwachidule PUV. Limagwira anyamata okha, mmodzi pa 5,000 mpaka 8,000, ndipo Hugh Hampton Young wa ku Johns Hopkins ndiye analisanja m'magulu mu 1919. M'njira yotulukira mkodzo, pang'ono chabe kuchokera pachikhodzodzo, mumatsalira kanembanemba kopyapyala kamene sikanayenera kukhalapo. Kamagwira ntchito ngati chitseko chotsegukira mbali imodzi: kapaipi kochokera kunja kamalowa popanda chovuta, koma mkodzo wochokera mkati ukakankha, kanembanembako kamafufuma n'kutseka. N'chifukwa chake kulowa bwino kwa katheta si umboni woti njira ili bwino.

Chikhodzodzo chimalimbana ndi chotchingachi kwa miyezi, minofu yake imakhuthala n'kuuma, mkodzo umabwerera kumtunda, impso zonse ziwiri zimavulala. Ena amadziwika pa sikani mayi ali ndi pakati. Amene sanadziwike amabwera ndi zizindikiro zosavuta kuziphonya. Mwana amadzikakamiza pokodza, nkhope kufiira, koma mkodzo umangodontha kapena kutuluka modukiza. Munsi mwa mchombo mumamveka chinthu cholimba chozungulira ngakhale atangokodza kumene. Amatentha thupi, amasanza, sakwera sikelo. Wokulirapo amakodzera pogona ndi masana omwe atadutsa zaka 5, amamwa madzi osaleka, matenda a mkodzo amabwerezabwereza, ndipo kawirikawiri amakalipiridwa kuti ndi waulesi. Thewera lonyowa limanamiza anthu ambiri. Chikhodzodzo chodzaza mopitirira chimadontha chokha tsiku lonse, thewera n'kumanyowa ndithu. Kholo la mwana wamwamuna lizipeza mpata woona mwanayo akukodza thewera atavula: khanda labwinobwino mkodzo wake umathamanga mwamphamvu n'kugwera patali.

Chithandizo choyamba ndi kapaipi kakang'ono kotulutsa mkodzo. Njira ikatseguka, impso zimene zinapanikizika zimataya madzi ndi mchere wambiri kwa masiku angapo, choncho dripi ndi kuyeza magazi pafupipafupi n'zofunika. Mchere wa potaziyamu ukakwera m'magazi ukhoza kuimitsa mtima. Magazi a masiku awiri oyamba amaonetsa ntchito ya impso za mayi, ndiye chithunzi chenicheni chimabwera pambuyo pake. Kenako amathira mankhwala ooneka pa ekisire m'chikhodzodzo n'kujambula mwana akukodza, ndipo chotchingacho chimaoneka. Opaleshoni yake ndi yaifupi: kachipangizo ka kamera kamalowa m'njira ya mkodzo, dokotala amadula kanembanembako, osang'amba khungu paliponse. Khanda likachepa kwambiri moti kachipangizoko sikangalowe, amaboola chikhodzodzo munsi mwa mchombo kuti mkodzo uzitulukira m'thewera mpaka litakula.

Mwina mungafunse kuti bwanji osatsegula njirayo mwana asanabadwe. Zimachitika: amalowetsa kampaipi kudzera pamimba pa mayi, mbali ina m'chikhodzodzo cha mwana, ina m'madzi omuzungulira. Kafukufuku wa PLUTO, wotsogozedwa ndi madokotala a ku Birmingham ndi kusindikizidwa mu 2013, ankafuna amayi 150 koma anapeza 31 okha. Ana amene anaikidwa kampaipi anaoneka kuti anapulumuka ochulukirapo, popeza madzi obwerera aja anathandiza mapapo, koma amene impso zawo zinali bwino pofika zaka ziwiri anali owerengeka. Pamene sikani ikuona kuti chikhodzodzo chatupa, impso zimakhala zitavulala kale. Kampaipiko nakonso kamatha kusuntha, kutsekeka, kapena kuchititsa kuti nsupa isweke masiku asanakwane.

Kudula kanembanemba kumatenga mphindi zochepa, koma chikhodzodzo ndi impso zimatsala ndi chipsera cha miyezi ija. Pafupifupi mnyamata mmodzi mwa atatu aliwonse impso zake zimafooka m'kupita kwa zaka, ena mpaka kusiyiratu. Madokotala amayang'ana mlingo wotsikitsitsa wa creatinine, chonyansa cha m'magazi chimene impso zimachotsa, m'chaka choyamba. Ukatsika bwino, chiyembekezo chimakhala chachikulu. Nthawi yoopsa ina ndi pamene mnyamata akutha msinkhu: thupi limakula mofulumira, timasefa tochepa tija n'kulemedwa. Apa m'pamene mabanja ambiri amakhala atasiya kale kupita kuchipatala poona kuti mwana akukodza bwino.

Chikhodzodzo chimasinthanso khalidwe ndi msinkhu. Paukhanda chimakhala chaching'ono, cholimba, chothinana pafupipafupi, ndipo mankhwala monga oxybutynin amachifewetsa. Pambuyo pake chimatha kukhala chachikulu, chotopa, chosatulutsa zonse. Impso zovulala sizitha kusunga madzi, zimapanga mkodzo wochuluka ngakhale usiku, ndiye mwana akagona chikhodzodzo chimadzaza mpaka kupanikizanso impso. Mwana amaphunzitsidwa kukodza motsata nthawi, kukodza kawiri motsatizana, ndipo zikakanika, kudzilowetsa katheta woyera kangapo patsiku, njira imene Jack Lapides anaifalitsa mu 1972. Ena amagona ndi katheta usiku wonse. Popeza anyamata a PUV amamva ululu polowetsa katheta m'njira ya mkodzo, ena amawachita opaleshoni imene Paul Mitrofanoff wa ku France anafotokoza mu 1980: amatenga apendikisi n'kuipanga kanjira kochokera pakhungu la pamimba, nthawi zambiri pamchombo, kukafika m'chikhodzodzo, ndipo mwana amalowetsa katheta pamenepo yekha, ngakhale kusukulu.

Kuyeza kuthamanga kwa magazi, mapuloteni a mumkodzo ndi creatinine kumapitirira moyo wonse. Mankhwala opha ululu a gulu la ibuprofen ndi diclofenac ayenera kupewedwa, ndipo kutentha thupi kulikonse kosadziwika chifukwa chake kumafuna kuyezetsa mkodzo tsiku lomwelo. Impso zikasiya, makina osefa magazi ndi kuika impso ya munthu wina zimatheka ngakhale kwa ana aang'ono, ndipo zotsatira zake mwa anyamata a PUV sizisiyana kwenikweni ndi za ana ena. Kungoti madokotala amayamba ayeza chikhodzodzo ndi kuchikonza, nthawi zina kuchikulitsa ndi chigawo cha matumbo, chifukwa chikhodzodzo cholimba chimene chinathandiza kuwononga impso ziwiri zoyamba chikhoza kuwononganso yachitatu.